Chipinda cha mathileyi a mazira

Mukadzafika ku Mangochi, cha kwa Mponda, mukadzamva ana akukuwa kuti "Zikumveka!" bambo wina wamtali akudutsa pa njinga, musadzavutike nkufunsa kuti akunena ndani. Akunena ine. Ndinayesa kukwiya, ndinayesa kuwaopseza kuti ndikawanenera kwa makolo awo, koma makolowo ndi omwe anayambitsa. Ndiye ndati bola ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa ena akamaifotokoza nkhaniyi akumathira mchere wambiri, mpaka kumati ndinatuluka buno bwamuswe. Bodza limenelo. Kabudula ndinavala. (Wamkati, inde, koma kabudula ndi kabudula.)

Ine ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, ine ndi mayi a kunyumba tonse, kuno inangotibweretsa ndi ntchito. Timachita lendi kwa Che Jafali, mkulu wina yemwe kale anali msodzi, ndipo nyumba yathu ndi yawo zili mumpanda umodzi.

Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu. Achipatala anatiuza kuti ali ndi otizimu. Kwa inu amene simulidziwa dzinali, mwanayu nzeru ali nazo bwinobwino, kungoti salankhula zambiri, ndipo zinthu zomwe ife sitizilabadira nkomwe, iye zimamupweteka. Kulira kwa filiji, babu lophethira, kansalu kolembedwa kaja amasokerera kukhosi kwa diresi, mango kugwera padenga la malata. Zikamuchulukira amagwira makutu, nkukhala pansi, nkumadzigwedeza uku akuchita kaphokoso kake ka mmm, mmm. Anthu atiuzapo zambiri. Ena amati analodzedwa, ena amati timamusasatitsa. Masana ambiri Tadala ankasowa, nkumabwerera kuseri kwa mpanda ali mchenga m'mutu monse, akununkha usipa, ndipo amayi ake ankamukalipira nkukamusambitsa.

Koma mwana yemweyu ndi amene amandidikira pakhomo ndikamaweruka. Moni sandipatsa. Amangogwira njinga, ine nkuitembenuza matayala m'mwamba, iye nkuzunguza tayala lakutsogolo, nkumayang'ana masipoko mpaka liime lokha. Ine ndimangokhala pambali pake osanena kanthu. Ndinene mosabisa, palibe china pa tsiku langa chomwe ndimachikonda kuposa kanthawi kameneka.

Mavuto anayamba Che Jafali atalengeza kuti mwana wawo wotsiriza akukwatiwa mu Okutobala, ndipo phwando lichitikira mumpanda momwemo, masipika abwereka kale. Mayi a Tadala anada nkhawa. Anakumbukira phwando lina la oyandikana nawo, pomwe mwanayu analira mpaka mawu kutha, chakudya osachikhudza. Anaimbira foni amayi awo ku Ntcheu, ndipo apongozi sanachedwe nalo yankho.

"Bweretsani mwanayo kuno. Kuno kulibe phokoso, kulibe kutentha kwanuko. Akhale ndi ine mpaka akule."

Ine ndinati tingomuchotsa pa masiku a ukwati okhawo.

"Nanga ukwati ukatha?" anandifunsa mayi a Tadala. "Mango ayamba kugwa. Mvula ikubwera, denga ndi lomweli. Bambo a Tadala, ine ndatopa kumuona mwana akuvutika. Akavutikanso pa ukwatiwu, ndikamusiya kwa amayi."

Sankandiopseza ayi, misozi inali m'maso. Ine ndinaganiza za kufika pakhomo ndi njinga popanda woilandira, mtima unandipweteka. Ndiye ndinadziguguda pachifuwa.

"Ndipatseni mpata. Ndimumangira chipinda chabata, choti ngakhale kunja kuphulike bomba iye asamve."

(Mawu amenewa ndinawanena nditaimirira, dzanja lili m'mwamba. Ndikanawanena nditakhala pansi mwina akanaiwalika msanga.)

Ndinagula bandulo, ndinaonera mavidiyo a anthu akunja akuonetsa zipinda zomwe amakonzera ana ngati Tadala. Mfundo zake ndinaziloweza: phokoso lisalowe, kuwala kuchepe, penti ikhale ya mtundu wodekha. Chomwe sindinachione m'mavidiyomo nchakuti anthu onsewo anali atavala majuzi. Ine ndinali ku Mangochi, mwezi womwe ngakhale abuluzi amafuna mthunzi.

Tili ndi kachipinda komwe tinkasungiramo makala ndi zidebe. Ndinatulutsa zonse. Za phokoso sindinavutike nazo kuganiza, chifukwa kale kwaya yathu itakajambulitsa nyimbo ndinaona makoma a situdiyo atamatidwa mathileyi a mazira. Ndinayamba kuzungulira magolosale onse a pamsika kupempha mathileyi akale, nkumawamangirira pakaliyala mpaka kundipitirira mutu.

"Aphunzitsi, mwayamba nkhuku?" ankandifunsa anthu.

"Ndi sayansi," ndinkawayankha.

Mayi a Tadala anatolapo limodzi nkulinunkhiza. "Awatu ena munaswekera mazira."

"Anauma kalekale amenewo."

Nditatenga hamala, Che Jafali anatulukira ngati anachita kuitanidwa. "Misomali pakhoma langa ayi, aphunzitsi. Pulasitala imeneyi ndinaika ndi ndalama za chambo. Chambocho pano kulibe."

Sindinataye mtima. Kusukulu tikafuna kumata mapepala pakhoma timaphika phala la kondoole, limagwira kuposa guluu wa m'sitolo. Ndinaphika poto wathunthu, poto wa nyemba wa mayi a Tadala, ndipo ndinamata mathileyi khoma lonse, mbali zonse, mpaka ndi kudenga komwe. Ntchito inaoneka bwino zedi. Sindinadzifunse kuti kupatula ine, ndaninso m'nyumbamo amene angasangalale ndi phala lochuluka chonchi pamalo amdima.

Za penti anandithandiza Che Jafali omwewo, poti anali atayamba kuikonda ntchitoyi. Anabwera ndi chitini cha penti yobiriwira ngati mtambo, yotsala popenta maboti.

"Imeneyi siichoka, aphunzitsi, ngakhale m'madzi."

Zoona siichoka, ndine mboni. Poti makoma anali atabisika kale, ndinapenta mathileyi enieniwo, ndipo anaimwa pentiyo ngati munthu waludzu. Pawindo ndinatsekapo ndi matiresi akale. Chitseko ndinachikuta ndi bulangete, kunsi kwake nkuika thumba la mchenga. Kenako ndinazindikira kuti chogwirira chamkati cha chitsekocho chimalira kuti khetche munthu akachigwira. Ndinachimasula, nkuchiika m'kabati, ndi cholinga choti ndidzamangirirepo kachingwe. Kachingweko mpaka lero sindinamangirire.

Nthawi yonseyi Tadala ankaima chapatali, atagwira mphuno. Nditamaliza ndinamuitana mwaulemu wonse kuti adzaone. Anafika pakhomo, anasuzumira, nkunena liwu limodzi.

"Chikununkha."

"Fungo litha, mwanawe. Chipinda chako ichi. Lowa uone."

Anatembenuka nkulowera kuseri kwa mpanda. Amayi ake anausa moyo. "Wapitanso ku zinyalala za Che Jafali. Ndikamusambitsenso."

Ine ndinadziuza kuti mwana wachita manyazi ndi chimwemwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, anyamata a masipika anabwera masana kudzayesa zida zawo. Amayi a m'mudzi anali atadzaza pabwalo, ena akusankha mpunga, ena akusenda adyo. Ndinaona kuti nthawi yabwino yoyesera chipinda changa ndi imeneyi. Ndinaitana mayi a Tadala nkuwapatsa malangizo ngati ndili m'kalasi.

"Ine ndilowa, nditseka. Ndimve ngati masipikawa akulowa. Kenako ndiyamba kukuwa, inu muzingondiuza ngati zikumveka kunja kuno. Musatsegule."

"Muzikuwa zotani?"

"Zilizonse. Zoti munthu atamva akhoza kuthamanga. Ngakhale ndinene kuti ndikufa, inu musatsegule, mungaononge kafukufuku. Ndikatha nditsegula ndekha."

"Chabwino, aphunzitsi," anatero, ndipo akanditchula choncho ndiye kuti akundiseka chamumtima.

Foni ndinaisiya patebulo, chifukwa lamulo loti m'chipinda chabata musalowe foni ndinali nditaliika ndekha. Ndinalowa, ndinakoka chitseko ndi bulangete lija, loko nkuti khetche. Mdima unali woti bii.

"Mayi a Tadala!" ndinakuwa.

"Zikumveka!"

Zinandikhumudwitsa pang'ono. Ndinachepetsa mawu. "Mayi a Tadala."

"Zikumvekabe!"

Pomwepo anyamata aja anayatsa masipika. Wanu, thuu, wanu, thuu, kenako nyimbo. Abale anga, mathileyi a mazira satchinga phokoso. Ndikunena izi kwaulere kuti wina asadzavutike ngati ine. Kugunda konse kwa nyimboyo kunkalowa, ndipo poti kotulukira kunalibe, kunkangozungulira momwemo nkumandimenya pachifuwa. Thukuta linayamba kutsika ngati andithira ndowa. Penti ija, poti mpweya sunkalowa, inali isanaume, fungo lake linkakanda kukhosi. Pansi pa fungo limenelo panali linanso, lomwe ndinalizindikira mochedwa: mazira aja ndinkati anauma, phala lonyowa ndi kutentha zinali zitawadzutsa.

Ndinati basi, kafukufuku watha. Ndinatambasula dzanja kufuna chogwirira. Chala chinalowa pabowo.

Ndinapapasa m'mwamba, ndinapapasa m'munsi, ngati kuti chogwirira chimasamuka. Kenako ndinachiona m'maganizo mwanga chili phee m'kabati, pambali pa masupuni.

"Mayi a Tadala, tsegulani chitseko."

"Zikumveka!"

"Ayi, pano sindikuyesa. Ndatsekeredwa zenizeni."

"Imeneyo ndiye yamveka yonse, mpaka zenizeni wamveka."

Ndisanayankhe, china chake chinandigwera pamutu. Linali thileyi, litamatuka ndi kugwedezeka kwa nyimbo. Linagwa lachiwiri, lachitatu, ndipo sanagwe okha. Mphemvu zonse za kwa Mponda, ndi abale awo a ku Malindi omwe, zinali zitasonkhana kuseri kwa mathileyiwo kudya phala langa. Zinandigwera m'khosi, m'mikono, ina inalowa m'malaya nkuyamba ulendo wotsika. Ndinavula malaya. Ina inakwera kudzera m'mwendo wa thalauza. Ndinavula thalauza. (Amene mukuseka, dikirani tsiku lomwe mphemvu idzakufikeni pabondo mumdima, tidzaone ulemu wanu.)

"Thandizeni! Ndikufa!"

Ndinamva mawu a Che Jafali akuyandikira. "Akuti bwanji aphunzitsi?"

"Akuyesa chipinda chawo," anatero mayi a Tadala. "Akuti tiziwauza zikamveka."

"Oho. Aphunzitsi, tabwerezani, ine ndinali kuseri."

"Che Jafali, ndikufa ine! Tsegulani!"

"Wallahi, zikumveka ngati muli pompano. Mufunika kuonjezera mathileyi."

Amayi a mpunga aja nawo anabwera kudzathandiza. Ndikakuwa, onse pamodzi ankayankha ngati kwaya: "Zikumveka!" Wina anapita kukaima kuchipata kuti aone ngati zikufikanso kumeneko, ndipo anabwera ndi lipoti loti zikufika. Ndinamenya chitseko ndi zibakera, ndinachiponda ndi mwendo. Pa ntchito yonse yomwe ndinagwira, bulangete lokhalo ndi lomwe linachita zomwe ndinalituma. Kumenya kwanga konse kunja sikunamveke.

Kenako mphamvu zinandithera. Ndinatsamira khoma nkutsetserekera pansi. Sindinkathanso kusiyanitsa kuti chikundipweteka nchiyani, kaya ndi nyimbo, kaya fungo, kaya timiyendo toyenda pamsana, kaya kutentha. Zonse zinangosanduka chinthu chimodzi chachikulu chondipanikiza. Mawu anandithawa. Ndinkadziwa zoti ndinene koma pakamwa sipankatuluka kanthu. Ndinagwira makutu. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti ndikudzigwedeza, kutsogolo, kumbuyo, ndipo kukhosi kwanga kukutuluka kaphokoso ka mmm, mmm. Kaphokoso kameneko kankathandiza. Kanali chinthu chokhacho m'chipindamo chomwe chinali changa.

Ndinalira, ndipo sindinkalirira mphemvu. Ndinkakumbukira nthawi zonse zomwe ndinamuchotsa mwana wanga manja m'makutu nkumamuuza kuti taleka, anthu akukuona.

Kunja ndinamva mayi a Tadala akuti, "Tamverani. Kwati zii. Che Jafali, zatheka!" Anthu anaomba m'manja, nkubwerera ku mpunga wawo.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva khetche, kuwala nkulowa. Pakhomo panali Tadala, dzanja lina lili pamphuno. Pabwalo lonselo, pakati pa masipika ndi miphika, iye yekha ndi amene anamva kaphokoso kaja ndi kudziwa tanthauzo lake.

Mwanayu sakonda kugwira munthu. Koma anandigwira chala chimodzi nkundikoka. Ndinamutsatira ngati mbuzi yogulidwa, osakumbukira za thalauza. Tinadutsa pakati penipeni pa bwalo, ine ndili m'kabudula wamkati, thupi lonse mawangamawanga a penti ya boti, thileyi limodzi litandimatirira kumsana ngati chigoba cha kamba. Amayi onse anasiya mpunga. Gogo wina anadziphimba kumaso ndi mpango, koma anasiya kampata ka diso limodzi. Mnyamata wa masipika anati "wanu," thuu wake sanamumalize.

"Subhanallah," anatero Che Jafali motsitsa.

Tadala sanayang'ane aliyense. Ananditengera kuseri kwa mpanda, kuja amayi ake ankati ku zinyalala. Kumeneko, kuseri kwa chulu, pansi pa chisakasa cha udzu, kuli boti lakale lamatabwa la Che Jafali, lovundikiridwa pamiyala. Anakwawira pansi pake, ine nkukwawa pambuyo. Mchenga wake unali wozizira. Kamphepo kankadutsa mbali zonse ziwiri, kuwala kunkangolowa pang'ono m'ming'alu ya matabwa. Nyimbo ija inkamveka, koma patali, ngati ya kumudzi wina. M'mbali munali zitsekerero za mabotolo zitandandalikidwa bwinobwino, mitundu yofanana pamodzi.

Anandikankha paphewa kuti ndigone. Kenako anakoka ukonde wakale wa Che Jafali, wolemera, nkundifunditsa mpaka m'khosi. Sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji. Kulemera kwa ukondewo kunandikhazika mtima pansi ngati mmene amachitira mwana akamuika kumbuyo nkumanga mbereko zolimba.

"Apa sizipweteka, adadi," anatero.

Kenako ananunkhiza mpweya.

"Mukununkha."

Mayi a Tadala anabwera akuthamanga, thalauza langa lili m'manja. Anagwada, anasuzumira, anaona zitsekerero zija, anaona ukonde, anaona ine. Anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunathera kwina.

"Ndiye ine tsiku ndi tsiku ndimamukoka kuno nkumakamusambitsa," anatero akupukuta m'maso.

Che Jafali anaima kumbuyo kwawo akukanda ndevu. "Ine ndimayesa mukudziwa. Ameneyutu ndi walendi wanga wachiwiri. Koma iyeyu sanandipemphepo zokhoma misomali."

Madzulo ake tinangosesa pansi pa botilo kuopa zinkhanira, nkulimbitsa miyala yolichirikiza. Ine ndinayalamo mkeka. Tadala anautulutsa. Ndinafuna kuchapa ukondewo ndi sopo wonunkhira, iye anati ayi, ndiye tinangoutsukuluza ndi madzi. Ndinaphunzira kumufunsa kaye nkudikira, chifukwa yankho lake limabwera, kungoti silithamanga. Che Jafali anadulako chigawo china cha ukonde kuti azifunda pabedi mango akamagwa ndiponso mvula ikadzayamba.

Ukwati unachitika, ndipo masipika analira mpaka agalu anasamuka. Tadala anakhala pansi pa boti lake, amayi ake ndi ine tikusinthana kukhala panja pake. Nthawi ya chakudya anatuluka yekha, anatenga mbale ya mpunga, anabwerera nayo, ndipo inabwerako yopanda kanthu. Mayi a Tadala anaiyang'ana mbaleyo kwa kanthawi, kenako anatenga foni.

"Amayi, Tadala sabwera. Akhala konkuno."

"Chabwino, ngati wapeza mtendere," anatero apongozi. "Nanga bambo akewo penti yachoka?"

Nkhani inali itafika kale ku Ntcheu.

Penti ija inanditengera nthawi, Che Jafali sananame. Chipinda chija tinachotsamo matiresi nkutsegula windo, koma fungo linakana kusamuka, moti pano mumagona nkhuku za akazi awo a Che Jafali. Zimaikira momwemo, ndipo mathileyi oikamo mazira sitisowa. Ine ndikamaganiza ndimaona kuti ndinafunsa foni, ndinafunsa Che Jafali, ndinazungulira ogulitsa mazira a msika wonse, pomwe mwini chipinda anali chiimire pakhomo atagwira mphuno, atandiuza kale.

Musaganize kuti ndinachiriratu. Sabata yathayi ndinaona kuti botilo likhoza kukoma nditaboolapo kawindo kakang'ono mbali ya kummawa, mwinanso kuikamo kashelefu ka zitsekerero. Ndinapita ndi tepi yoyezera. Ndisanaitambasule, kadzanja kanatuluka pansi pa boti, kanailanda, nkuilowetsa mkati.

"Ayi, adadi."

Hamala nayo sindikuiona, ndipo mayi a Tadala akuti sakudziwa komwe ili.

Ndiye masiku ano ndikaweruka, ana a mumsewu atandikuwiza mokwanira, ndimafika pakhomo nkupeza wondilandira njinga alipo. Timazunguza tayala lathu mpaka liime. Likaima, iye amanyamuka kupita kuseri, ine ndimatsatira, ndimagwada pambali pa boti nkunena kuti odi. Masiku ena sayankha, ndipo ndimabwerera. Masiku ena ngodya imodzi ya ukonde imatukuka.